Mdima Umene Idrisa Analonjeza

Kutsitsa nyale sikuvuta ngati kuzipachika, koma m'mawa wa Lamulungu umenewo Idrisa ankagwira sipanala ngati manjawo anali obwereka. Anali pamwamba pa makwerero, m'bwalo la zisangalalo la pa boma la Nkhotakota, pomwe bandi ya Abale a Mwera inaimba dzulo lake. Iye ndiye anali wamagetsi wa bandiyo. Ankayala zingwe, kupachika nyale pa zitsulo, kenako n'kukakhala pa tebulo la mabatani kumbuyo kwa anthu, kumagawa kuti kuwala kugwe apa, mdima utsale apo. Zaka zinayi akuyenda ndi bandiyi, ku Salima, ku Mzuzu, ku Mangochi, panalibe woimba amene anadandaulapo za dzanja lake.

Foni inanjenjemera m'thumba. Mwini uthengawo anamudziwa asanaitulutse n'komwe.

"Vidiyo ija mwaiona? Yafika mpaka kwa apongozi anga ku Mwadzama. Idrisa, munati sindidzaoneka."

Anatsika makwerero pang'onopang'ono n'kukhala pa bokosi la zingwe.

Wolembayo anali Nasra, ndipo kuti mumve kulemera kwa mawu akewo muyenera kudziwa kuti Nasra anali pa eda. Amuna ake, a Habibu, anamwalira ndi matenda a impso miyezi inayi yapitayo. Monga mkazi wamasiye wachisilamu, anayenera kukhala pakhomo miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzola, osavala zowala, osapondako ku zisangalalo, osamva mawu a ukwati kwa mwamuna aliyense. Zonsezo anali atapirira. Panatsala masiku asanu ndi anayi okha kuti amasuke.

Idrisa anayamba kumukonda kalekale, iye akadali siginala pa ukonde wa chilimira wa a Fakiri, malume ake a Nasra, akukopa usipa ndi nyale ali pa bwato. Koma nthawi imeneyo anali wamanyazi ngati mkamwini watsopano. Anapita ku Lilongwe osanena kanthu, ndipo mbiri inangomupeza komweko kuti mtsikana uja wakwatiwa. Atamva za maliro a a Habibu anatumiza chipepeso pa foni. Chipepesocho chinabala "mwadzuka bwanji", "mwadzuka bwanji" anabala "mwaswera bwanji", ndipo pofika mwezi wachitatu ankauzana ngakhale maloto. Mawu oti "ndimakukondani" sanawatchule, ayi ndithu. Lamulo la eda ankalisunga mmene mphaka amasungira nsomba, osadya, kungonyambita.

Bandi itapeza tsiku loimba ku Nkhotakota, kwawo kwenikweni, mtima wa Idrisa unasowa pokhala.

"Mungobwera mudzaone ntchito yanga, mphindi khumi zokha," analemba. "Kumanzere kwa bwalo, pafupi ndi mpanda, pali mtengo wa mango. Mdima wa pabwalopo wogawa ndine. Pamtengopo ndikusungirani wanu, palibe adzakuoneni."

Nasra anakana masiku atatu. Tsiku lachinayi anayankha kuti, "Mphindi khumi. Koma mdimawo mundisungiredi."

Anabweradi, kutangoda kumene, atadzikuta mpango wakuda, kunyumba atasiya mawu oti wapita kukagula mankhwala a dzino. Idrisa anaona chithunzithunzi chake pansi pa mtengo paja. Nyimbo ziwiri anapirira. Pa yachitatu, nyimbo yodekha yachikondi, anakumbukira kuti nkhope imeneyo sanaione ndi maso ake zaka zinayi. Pambuyo pake ankadziuza kuti chala chinapita chokha pa batani, koma chala chilibe maso, anafuna yekha. Anatembenuza nyale imodzi ya mutu wozungulira, n'kuitsegula yoyera mbee, molunjika pamtengopo.

Nkhopeyo anaionadi. Mpango unali utasendera kumbuyo, Nasra akumwetulira, akuwomba m'manja pang'onopang'ono. Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Foni imene inkaulutsa zoimbazo pa Fesibuku inatsatira kuwalako, monga kamera iliyonse imachitira, ndipo pofika m'mawa Nkhotakota yense anali ataona mkazi wamasiye wa a Habibu akuwomba m'manja ku dansi.

Tsopano, atakhala pa bokosi la zingwe, Idrisa anayankha uthenga uja.

"Pepani kwambiri. Makina aja amasokonekera nthawi zina. Mwinanso wina anakhudza tebulo ine nditatembenuka."

Anatumiza, n'kuika foni chafufumimba pa bondo kuti asaone bodza lakelo.

* * *

Masana, akulongedza katundu m'lole, panatulukira Keti. Ameneyu anali woimba wamkazi wa bandiyo, mwana wa ku Dwangwa, wa mawu okoma pa siteji ndi akuthwa pansi. Chaka chatha ku Mzuzu anachita kumufunsira yekha Idrisa, Idrisa n'kukana mwaulemu, ndipo bandi yonse inkaidziwa nkhaniyo.

Anaponya jumbo ya tomato pa bokosi la nyale.

"Ukudziwa zimene ndakumana nazo kumsika? Amayi atatu andizungulira ngati ndaba nkhuku. Akuti nyale ija ndinayatsa ndine, chifukwa cha nsanje. Akuti anandiona nditaima pa tebulo lako."

"Anthu amangolankhula, Keti."

"Sakungolankhula, ndinaimapodi! Ndinatsika kudzamwa madzi pomwe a Tedson ankaimba okha nyimbo ija. N'chifukwa chake ndinaona chala chako, Idrisa. Ndinachiona ndi maso angawa."

A Tedson anali mkulu wa bandiyo, ndipo nthawiyo anali cha apo akukangana ndi dalaivala. Idrisa anatsitsa mawu.

"Makina aja nthawi zina..."

"Usandiyese chitsiru. Loweruka masana onse unatilalikira ngati m'busa. Kunyanja kuno kulibe nyale yoyera, imaitana nkhungu ndi tizilombo, zikakulowani m'kamwa musadzandinene. Si unatero? Unachotsa zoyera zonse m'makina mwako, n'kutisiyira zofiira ndi zachikasu, mpaka ine kuoneka ngati papaya lakupsa. Madzulo onse aja nyale yoyera inayaka kamodzi kokha. Makina angakumbukire bwanji chinthu chimene iwe unawaiwalitsa?"

Idrisa anapitiriza kukulunga chingwe chimene chinali chokulunga kale.

"Ndipatse nthawi," anatero.

"Kundikana unandikana, ndinameza, sindinafe. Koma kundisenzetsa mlandu wa chibwenzi chako, umenewo ndi mwano. Lachitatu lole ikunyamuka kupita ku Dwangwa, kwathu, kumene kuli mayi anga. Sindikafikako ndi dzina loti ndinayalutsa mkazi wamasiye pagulu. Ukapanda kunena wekha, ndinena ndine."

"Si chibwenzi changa."

"Ndiye ndi chiyani? Mlongo wako?" Keti anatola tomato wake. "Komatu anali wokongola mu nyale ija, chimenecho sindikana. Ntchito umaidziwa, mtima ndi umene ulibe."

* * *

Lolemba Nasra anatumiza mawu ojambula m'malo molemba. Ankanong'ona, ndipo chakumbuyo kunkamveka nkhuku ndi munthu akusinja.

"Apongozi anga a Asiyatu afika dzulo madzulo. Ndi moni womwe sanandipatse. Akuti ndalavulira manda a mwana wawo, ndiye eda yanga yasweka, ndiyambirenso miyezi inayi ina. Ine ndawauza kuti ndinapita kukagula mankhwala a dzino, pobwerera ndinamva nyimbo n'kuima pampanda pang'ono. Mankhwalawo ndinaguladi, ndawaonetsa. A shehe akuti kutuluka chifukwa cha matenda si tchimo, kuimako ndiye kulakwa, koma kofunika kungolapa. Malume akuyesetsa kuwaziziritsa mtima apongoziwo. Bola asadziwe kuti munthu anachita kundiitana. Chimenecho chikadziwika, ine ndatha."

Idrisa anamvetsera atabisala kuseri kwa lole, foni ataikanikiza kukhutu. Asanapume, mawu ena anafika.

"Ndipo za nyale ija musavutike kundibisira, ndamva kuti anali Keti. Dzulo ndinakulemberani mokwiya, mundikhululukire. Ndagona ndikulira kuti ndinakukayikirani. Inu simungandichite zotero. Miyezi yonseyi anthu akhala akundilankhula ngati ndinakwiriridwa limodzi ndi a Habibu. Inu nokha ndi amene mumandilankhula ngati munthu wamoyo."

Munthu akakutukwana uli wolakwa, mtima umapepukako. Koma akakupepesa uli wolakwa, umasowa poika nkhope. Idrisa analemba kuti, "Nasra, nyale ija ndinayatsa ndine." Anawayang'ana mawuwo nthawi yaitali. Anaganiza za masiku asanu ndi atatu otsalawo, za malume ake iye mwini, amene anali atawanong'oneza kale kuti akonzeke kukagogoda kwa a Fakiri eda ikatha, za zaka zinayi zimene anataya chifukwa cha manyazi. Akatumiza, zonsezo zithera pomwepo. Anafufuta chilembo chimodzichimodzi.

"Limbani mtima, zitha bwino, Insha Allah," anatumiza m'malo mwake.

"Mukandiuza inu ndimakhulupirira," Nasra anayankha. "Mwadya?"

"Ndadya."

Limenelonso linali bodza. Chakudya chinali chitamukanika kuyambira Lamulungu, ndipo tsopano ndi dzina la Mulungu lomwe anali atalikokera m'matope ake.

* * *

Lachiwiri chakumasana a Fakiri anamuitanitsa. Anawapeza pa doko, m'chisakasa cha maukonde, dzuwa likuswa mtengo, akusoka chilimira chong'ambika, chala chachikulu cha kuphazi chitakola ukondewo. Anali munthu wosakweza mawu, ndipo asodzi awo ankaopa kutsika kwa mawuko kuposa kukalipa kwa mabwana ena.

"Asalamu alaikumu, madala."

"Walaikumu salamu. Khala apo."

Anamufunsa za Lilongwe, za mayi ake, za lole ngati imawafikitsa bwino. Anadandaula kuti asiginala a masiku ano amadalira mababu a batire, sadziwanso kuwerenga madzi. Kenako anapisa m'thumba la mkanjo n'kutulutsa foni yosweka galasi.

"Ine za madansi sindizidziwa. Koma nyale ndimazidziwa. Taona apa." Anayatsa vidiyo ija. "Usayang'ane mwana wa mlongo wangayo, wamuyang'ana zokwanira. Yang'ana nyaleyo pozima."

Pa galasi loswekalo kuwala kunagwa pa Nasra, n'kukhala. Kenako kunachepa pang'ono, kunabwerera, kunachepanso, kunabwereranso, ndiyeno kunazilala pang'onopang'ono mpaka mdima.

"Anakuphunzitsa ndani kuti nyale sazimitsa mwadzidzidzi?"

"Ndinu, madala."

"Chifukwa chiyani?"

"Usipa umabalalika."

"Eya. Kuchepetsa moto pang'onopang'ono ndinakuphunzitsa ndine. Koma kuphethiritsa kawiri kumeneko sindinakuphunzitse, n'kwako. Asiginala asanu ndi awiri adutsa pa mabwato anga, wochita zimenezo unali iwe wekha. Tikakhala patali ndi ukonde tinkati tikaona nyale yaphethira kawiri, timadziwa kuti Idrisa wakonzeka, tikoke. Lero ndikumva akuti makina, akuti mtsikana woimba. Makina amaphethira kawiri?"

Idrisa anapezeka atagwada pamchenga, osadziwa kuti wagwada nthawi yanji.

"Ndine, madala. Ndinalakwa."

"Ndipo munthu sapeza nkhope mumdima, pakati pa anthu mazanamazana, ngati sanadziwiretu pomwe yaima. Unamuitana."

"Ndinawaitana."

A Fakiri anasoka maso atatu a ukonde asanalankhulenso.

"Usanamizike ndi kutsika kwa mawu angawa. Ndakwiya, moti ndikanakhala ndi mphamvu zakale ndikanakuswa ndi nkhafi iyo. Mwana uja wadwazika mwamuna chaka chathunthu, wakhala m'nyumba miyezi inayi osadandaula. Iwe unalephera kudikira masiku khumi."

"Ndiloleni ndikawauze apongozi awo kuti wolakwa ndine."

"Ukawauze chiyani? Kuti mpongozi wawo ankalemberana ndi mwamuna manda asanaume? Ukufuna kutsuka mtima wako ndi misozi ya Nasra?" Anagwedeza mutu. "A Asiyatu ndalankhula nawo masiku awiri. Si munthu woipa, ndi mayi amene waika mwana. Ayamba kufewa. Nkhani ya dzino aimeza, ine ndaisiya choncho, Mulungu andikhululukire. Tsono tamvera. Mwana wa mlongo wanga sindingamupereke kwa munthu amene wamunamiza, ndiye choona udzamuuza ndi pakamwa pako. Akadzakulavula, ndi zako. Koma udzamuuza eda itatha, alendo atabwerera kwawo. Yatsala sabata imodzi. Pakhomo panga usapondepo mpaka tsikulo. Wamva?"

"Ndamva."

"Siginala wosadziwa kudikira amabweza bwato lopanda kanthu. Dzipita."

* * *

Mawu a akulu akoma akagonera, koma a a Fakiri sanagone ndi usiku umodzi womwe.

Pobwerera ku bwalo, Idrisa anapeza Keti atakhala pa chikwama chake pambali pa lole, maso ali psuu. Zovala zake za pa siteji zinali zitatsitsidwa m'lolemo.

"Chibwenzi chako chaimbira a Tedson," Keti anatero, ndipo ulendo uno sanakuwe. "Chalira pa foni, chati ndachiwonongera moyo. A Tedson akuti sakufuna bandi idane ndi anthu a kunyanja, ndiye ku Dwangwa sindipita nawo. Ndawauza kuti ndiwe. Aseka. Akuti ndi nsanje yomwe ija ya ku Mzuzu."

"Keti..."

"Mayi anga auza amayi onse a kumpingo kwawo kuti abwere adzandione ndikuimba. Asoketsa ndi diresi lomwe." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Iwe umaswali kasanu pa tsiku, Idrisa. Ukagwetsa mphumi pansi paja umanena chiyani?"

Funso limeneli linamulasa kuposa zonse za a Fakiri. Anatembenuka n'kulunjika kwa a Tedson, amene ankadya chimanga chootcha pamthunzi.

"Bwana, Keti alibe mlandu. Nyale ija ndinayatsa ndine, mwadala."

A Tedson anasiya kutafuna.

"Iwe? Iwe amene umatikalipira tikangoponda chingwe chako?" Anaponya chitsononkho uko. "Ndiye wandichititsa kuthamangitsa woimba wanga wabwino chifukwa cha zachibwana zako! Keti! Kweza katundu wako! Ndipo mayi uja ndimuimbira ndimuuze kuti wanamizira munthu wosalakwa. Tilembanso pa tsamba la bandi, dzina la Keti liyere asanafike kwawo."

"Chonde, bwana, mudikire sabata imodzi yokha."

"Sabata? Dwangwa ndi mawa!"

Pakamwa pa a Tedson panalibe chitseko, aliyense ankadziwa. Dzuwa lisanalowe nkhaniyo ikhala itafika kumsika, ndipo Nasra aimva kwa amayi omwe aja anazungulira Keti. Idrisa anaona kuti pa zonse zimene anamulanda Nasra, chimodzi chokha chikanatheka kubweza, ndicho chakuti choonacho achimve kwa mwini wake. Anaimba foni. Inali yozimitsa. Anaimbanso kanayi, chimodzimodzi. Anaimitsa kabaza n'kukwera.

* * *

Nyumba ya Nasra inali kumapeto kwa mudzi ku Malengachanzi, kuseri kwa ya a Fakiri. Idrisa anatsikira pamsewu n'kudzera m'munda wa chinangwa kuti asaonedwe. Inali nthawi ya swala ya alasiri, amuna onse ali ku mzikiti. Pabwalo panali mpunga woyanika pa mphasa, nkhuku zikujompha mopanda mantha, kusonyeza kuti panja panalibe munthu.

Foni yozimitsa ija inayenera kumuuza kanthu. Nasra ankaizimitsa n'kuibisa m'thumba la mpunga m'nyumba mukakhala mlendo, ndipo Idrisa ankadziwa zimenezo bwinobwino. Koma munthu wosenza katundu wolemera amangoyang'ana potula.

Zenera la kuchipinda linali lotsegula, lotchinga ndi chitenje. Anagogoda pa thabwa.

"Nasra. Ndine Idrisa."

M'nyumbamo munamveka mawu a Nasra, otsika, othamanga.

"Kuno kulibe chanu, bambo. Ine ndili pa eda. Ngati muli ndi mawu pitani kwa malume."

Idrisa anayesa kuti ndi mkwiyo. Anaganiza kuti nkhani ija yamupeza kale.

"Ndikudziwa mwakwiya, ndipo muyenera kutero. Ingondilolani ndinene ndi pakamwa panga."

"Ndati pitani!"

"Sindipita ndisananene. Masiku atatu sindikudya, Nasra. Keti sanakhudze tebulo langa, makinanso sanasokonekere. Nyale ija ndinayatsa ndine, mwadala. Ndine ndinakuitanani, munakana masiku atatu ine n'kumakukakamizanibe. Ndine ndinakusankhirani mtengo wa mango uja n'kukulonjezani mdima. Mutabwera ndinafuna kuona nkhope yanu, basi, palibe chifukwa china. Miyezi yonseyi tikulemberana sindinanenepo, koma lero ndinena. Ndimakukondani, kuyambira ndili pa bwato la malume anu. Ndinakuyalutsani, kenako ndinakunamizani. Mundikhululukire."

Atamaliza anamva chifuwa chikupepuka, koyamba chichokereni Loweruka lija. Kupepukako sikunakhalitse.

Chitenje cha pazenera chinasuntha. Dzanja limene linachikoka linali lamakwinya, la mikanda ya tasibihi pamkono. Idrisa anali asanawaonepo a Asiyatu, koma sanafunikire wowatchula dzina. Maso awo anali otupa ngati munthu amene wangomaliza kulira.

Kumbuyo kwawo, pa mphasa, panakhala Nasra. Pamiyendo pake panali kambale ka madzi a makungwa, kakufukabe nthunzi. Pambali pake panali chitenje chatsopano chopinda bwino, chowala, cha mtundu umene mkazi wa pa eda savala mpaka tsiku lomasuka.

"Ine ndinalowa muno kudzapepesa," a Asiyatu anatero. "Mankhwala a dzino awo ndaphika ndi manja angawa. Chitenje icho ndagula m'mawa uno. Ndamuuza mwanayu kuti ndinakuweruza msanga, mwana wanga unamusamala mpaka tsiku lomaliza, maliza sabata yakoyi umasuke." Anamuyang'ana Idrisa kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Bwerezani, bambo. Muyambire paja mwati miyezi yonseyi tikulemberana. A shehe akutuluka mu mzikiti posachedwapa, ndikufuna adzamve mmene ndamvera ine."

Idrisa anayang'ana Nasra, akulakalaka atamutukwana, atamugenda ndi kambale kaja, chilichonse. Nasra anaika kambaleko pansi mosamala, osataya ndi dontho lomwe. Anaimirira, anakonza mpango wake wakuda, n'kubwera pazenera pambali pa apongozi ake. Nkhope ija Idrisa anaifuna zaka zinayi inali pafupi tsopano, padzuwa la aliyense, yopanda msozi.

"Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha, Idrisa," anatero. "Chimodzi."

Anakoka chitseko cha zenera n'kutseka, ndipo Idrisa anamva kabawuti kakulowa. Atatembenuka, anaona amuna akubwera m'njira ya ku mzikiti, nsapato zikuwomba fumbi. Patsogolo panali a shehe, ndipo pambali pawo a Fakiri, amene anasiya kuseka pakati pa nkhani atamuona ataima kuseri kwa nyumba ya Nasra.